Kukwera zitunda pa njinga Lachitatu madzulo: zimene taona m'kalabu yathu ku Blantyre

Mu Juni ndi Julayi dzuwa ku Blantyre limalowa cha m'ma 5:20 madzulo, ndipo pakangopita mphindi 20 kapena 25 kunja kumakhala kutada bii. Mu Disembala ndi Januwale limatipatsako mpata mpaka cha m'ma 6:15. Munthu woweruka kuntchito cha m'ma 4:30 kapena 5 koloko ndiye kuti watsala ndi ola limodzi lokha, pena osakwana n'komwe. Kukwera zitunda kwa pakati pa sabata timakukonza motengera ola limeneli. Tsikuli si la ulendo wautali ayi, ulendo wautali ndi wa Loweruka. Si la mpikisanonso. Ndi tsiku logwira ntchito yochepa yoyezedwa bwino, n'kukafika pakhomo mwamtendere. Tikulemba izi chifukwa anthu ambiri amene amalowa m'kalabu ali ndi chidwi chonse amasiya pakangotha mwezi umodzi, ndipo chimene chimawathamangitsa nthawi zambiri si phiri, koma kakweredwe kake.

Choyamba n'kusankha chitunda. Blantyre ali ndi zitunda zambiri zedi, koma si chilichonse chimene chingakuthandizeni. Chikweza chochokera m'tauni kupita ku Limbe pa msewu wa Masauko Chipembere n'chachitali bwino, koma nthawi yoweruka pamakhala maminibasi oima paliponse, njinga zamoto za kabaza zodutsira mbali zonse, ndi utsi umene mudzaukoke wonse m'mapapo pamene mukupuma mwamphamvu. Phiri la msewu wa ku Chikwawa, lija lotsikira ku Thabwa mpaka kuchigwa cha Shire, lisiyireni tsiku limene muli ndi m'mawa wonse. Chimodzimodzi anzathu a ku Zomba: msewu wokwera ku Ku Chawe ndi wabwino kwambiri, koma mukati muukwere wonse madzulo mdima udzakupezani pamwamba, ndipo kutsika makhona aja mumdima si chinthu choyesera. Dulaniko gawo la m'munsi n'kumalibwereza.

Chitunda choyenera Lachitatu n'chimene mungakwere kwa mphindi 3 mpaka 5, chotalika mamita 600 mpaka kilomita imodzi, chopendekeka pakati pa 4 ndi 7 peresenti. Tikati 5 peresenti tikutanthauza kuti pa mamita 100 aliwonse amene mwayenda, mwakwera m'mwamba mamita 5. Chikhale chopanda mphambano yaikulu pakati, chokhala ndi malo otembenukira pamwamba ndi pansi pomwe mukuona magalimoto a mbali zonse ziwiri, ndiponso chosatalikira ndi kumene ambiri a inu mumakhala. Misewu ya m'kati mwa madera ngati Namiwawa, Sunnyside ndi Nyambadwe ili ndi zitunda zoterezi, ndipo magalimoto ake ndi ocheperako. A ku Lilongwe, kumene malo ndi athyathyathya, angapeze zitunda zifupizifupi pa misewu yochokera ku mitsinje ya Lingadzi ndi Lilongwe; zikafupika, ingochulukitsani maulendo obwereza. Musanabweretse gulu, pitani nokha masana mukayende chitundacho pang'onopang'ono, muone pamene pali maenje, mahampu, mchenga, ndi mageti amene agalu amatulukira.

Tsopano nkhani ya magiya, imene ife timaiona kuti ndi yaikulu kuposa zonse. Njinga zambiri zothamangira za kaunjika zimabwera ndi giya ya kutsogolo ya mano 52 ndi 39, kumbuyo yaikulu kwambiri ili ya mano 23 kapena 25. Magiya amenewa anapangidwira anthu amphamvu kale, kapena malo opanda mapiri. Tiyeni tiwerengere limodzi. Tayala la njinga yothamangira likazungulira kamodzi limayenda pafupifupi mamita 2.1. Mukakhala pa 39 kutsogolo ndi 25 kumbuyo, kupalasa kamodzi kumakuyendetsani mamita 3.3. Ngati pachitunda mukuyenda makilomita 10 pa ola, ndiye kuti miyendo ikuzungulira maulendo 51 okha pa mphindi. Kumeneko si kupalasa, n'kukankha, ndipo katundu yense akugwera pa mawondo ndi m'chiuno. Koma mukakhala ndi 34 kutsogolo ndi 32 kumbuyo, kupalasa kamodzi ndi mamita 2.2, ndipo pa liwiro lomwelo miyendo ikuzungulira maulendo 75 pa mphindi. Liwiro ndi limodzi, chitunda n'chimodzi, koma wachiwiriyu adzabwereza kasanu n'kudzuka bwinobwino mawa lake, pamene woyambayo adzayamba kudandaula za bondo sabata yachitatu.

Ndiye ngati muli ndi kandalama kochepa koti mukonzere njinga, yambani ndi magiya a kumbuyo a 11-32 kapena 11-34, kutanthauza kuti yaing'ono kwambiri ili ya mano 11, yaikulu kwambiri ili ya mano 32 kapena 34. Musanagule funsani mmisiri ngati chosinthira magiya cha kumbuyo chingafike pa mano amenewo, chifukwa chachifupi nthawi zambiri chimalekezera pa 28 kapena 30, ndipo tcheni nayo ingafunike yotalikirapo. Musathamangire kugula zitsulo zopepuka zodula. Munthu ndi njinga yake akamalemera makilogalamu 85, kuchotsapo kilogalamu imodzi kumangochepetsa ntchito ya pachitunda ndi peresenti imodzi ndi kakang'ono. Amene muli ndi njinga za m'mapiri za magiya atatu kutsogolo, monga a mano 42, 32 ndi 22, muli kale pabwino, musachite manyazi kubwera nazo. Ingoikani matayala osalalirapo ngati mungathe. Kuti mudziwe mmene miyendo ikuzungulirira simufunika kachipangizo kalikonse: werengani maulendo amene bondo lakumanja likukwera m'masekondi 15, muchulukitse ndi 4. Pachitunda, mutakhala pachishalo, yesetsani kukhala pakati pa 70 ndi 85.

Chishalo chikhale pamsinkhu woyenera. Khalani pachishalo wina atakugwirirani njinga, ikani chidendene pa pedulo ili pansi penipeni: mwendo uwongoke ndithu popanda kupendeketsa chiuno. Mukabwezera phazi pamalo ake opalasira, bondo lidzapindika pang'ono, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira. Kupweteka kwa kutsogolo kwa bondo kawirikawiri kumasonyeza kuti chishalo chatsika kapena giya ikulemera. Kupweteka kuseri kwa bondo kumasonyeza kuti chakwera kwambiri. Posintha musapitirire mamilimita 3 mpaka 5 nthawi imodzi.

Ndondomeko ya tsikulo ndi iyi. Mphindi 15 zoyambirira n'zotenthetsa thupi, pa giya yopepuka, ndipo ulendo wochokera pamalo okumanira kukafika pachitunda ukhoza kugwira ntchito imeneyi. Musadumphe gawoli ngakhale mwachedwa. Kuli bwino kuchotsa ulendo umodzi wa pachitunda kusiyana n'kuyamba ndi miyendo yozizira imene yakhala pampando wa mu ofesi tsiku lonse. Kenako kwerani mphindi 4, tsikani mwakachetechete n'kupalasa mopepuka mpaka mphindi 4 zina zitakwana, n'kuyambanso. Watsopano ayambe ndi maulendo atatu. Sabata yotsatira anayi, yotsatirayo asanu. Sabata yachinayi bwererani pa atatu kuti thupi lipezeko mpumulo, pajatu mphamvu zimamangika pamene mukupuma osati pamene mukuvutika. Amene akhalitsa amafika pa 6, koma kupitirira pamenepo dzuwa silikulolani. Maulendo asanu pamodzi ndi kutenthetsa thupi ndi mphindi 10 zobwerera kunyumba zimakwana ola ndi mphindi 5. Miyezi yozizira, pamene dzuwa likufulumira kulowa, timafupikitsa: maulendo anayi a mphindi zitatuzitatu, ndipo amene angathe timayamba 4:30.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi pa ulendo woyamba. Miyendo ikadali yatsopano, anzanu akukuonani, ndiye munthu amanyamuka ndi ukali wonse pansi pa chitunda. Akafika pakati befu wamuthera, kumapeto akungoyenda mokhotakhota mumsewu, ulendo wachiwiri ndi wapang'onopang'ono, wachitatu wakhala pamwala m'mbali mwa msewu mutu uli pansi. Zili ngati waganyu amene wathera mphamvu zonse pa mzere woyamba munda wonse ukadalipo. Muyeso wake ndi uwu: nthawi ya ulendo womaliza isasiyane ndi ya ulendo woyamba ndi masekondi opitirira 10 kapena 15. Ngati woyamba munakwera mphindi 4 ndipo wachinayi mwakwera mphindi 5, munayamba mothamanga kwambiri. Ikani chizindikiro poyambira ndi pothera, kaya ndi mtengo wa magetsi, kaya ndi geti, ndipo muzilemba nthawi zanu m'foni. Mphamvu yoyenera mudzaidziwa ndi pakamwa: muzitha kuyankha mawu awiri kapena atatu, monga "ndili bwino", koma osatha kufotokoza nkhani. Ngati mukucheza momasuka, onjezerani. Ngati simungathe kutulutsa liwu ngakhale limodzi theka la chitunda lisanakwane, chepetsani. Gawo loyamba la chitunda lizimveka ngati mukudziletsa, lapakati lizimveka kuti ndi ntchito, lomaliza ndiye muzipereka zimene zatsala.

Sinthani giya chitunda chisanakulemereni. Mukadikira mpaka miyendo italimba n'kusintha mukuponda mwamphamvu, mudzamva kulira kwa khoo, ndipo pamenepo ndi pamene tcheni imaduka kapena kugwa. Pepukitsani phazi kwa kanthawi kochepa chabe pamene tcheni ikudumphira pa giya ina. Giya ya kutsogolo itsitseni mukadali pansi pa chitunda. Pewaninso kuika tcheni pa yaikulu kutsogolo ndi yaikulu kumbuyo nthawi imodzi, chifukwa imayenda mopingasa, imalira, ndipo imatha msanga.

Nthawi yambiri kwerani mutakhala, manja ali pamwamba pa handulo, zigongono zopindika pang'ono, mapewa omasuka, chifuwa chotseguka. Kufinya handulo ndi kugwedeza mutu n'kutaya mphamvu pachabe. Kuimirira kuli ndi malo ake, pamene chitunda chaima kwambiri kapena pofuna kupumitsa msana kwa masekondi 15 kapena 20, koma kumathamangitsa mtima kuposa kukhala. Musanaimirire lemeretsani giya poisintha kamodzi kapena kawiri. Ndipo pali chinthu chimene chagwetsa anthu ambiri m'magulu: pamene munthu akuimirira, njinga yake imakhala ngati yabwerera m'mbuyo pang'ono, ndipo amene ali pafupi kumbuyo amagunda tayala. Wogwa ndi wakumbuyoyo nthawi zambiri. Choncho nenani mokweza kuti "ndikuimirira", imirirani pamene phazi likuponda pansi mwamphamvu, ndipo wakumbuyo asiye mpata wa pafupifupi mita imodzi pachitunda, tayala lake lakutsogolo lisalowe m'mbali mwa tayala la mnzake.

Za gulu tinenepo mosabisa. Kalabu imene imasiya ofooka kumbuyo siikula. Ubwino wobwereza chitunda chimodzi ndi woti wamphamvu ndi watsopano amakhala pamalo amodzi ola lonse, aliyense pa liwiro lake. Njira imene imatiyendera bwino ndi yoyezera nthawi m'malo mwa mtunda: tonse tinyamuke limodzi, tikwere mphindi 4, pamene mphindizo zakukwanirani tembenukani pomwepo, tikakumane pansi. Wamphamvu amafika patali, watsopano amafika pafupi, koma onse agwira ntchito yofanana ndipo ayambira limodzi ulendo wotsatira. Yendani mondondozana kumanzere kwa msewu, wodutsa mnzake adutse kudzanja lamanja atayang'ana kaye kumbuyo ndi kunena. Pakhale munthu mmodzi wodziwa kukonza njinga amene ntchito yake tsikulo ndi kukhala kumapeto. Werenganani ponyamuka, werenganani pobwerera. Amayi ndi atsikana a m'gulu, komanso aliyense wokhala kutali, aperekezedwe mpaka pamsewu wowala kapena pakhomo. Palibe amene ayenera kutsala yekha ndi tayala lakuphwa mumdima, ali ndi njinga ndi foni zimene akuba amazifuna.

Kutsika ndi nthawi yopuma, si gawo la masewerawo. Ngozi zambiri zimene taona pa Lachitatu zachitika potsika, munthu atatopa, maso ali ndi thukuta, kunja kukuchita chisisira. Manja akhale pa mabuleki nthawi yonse. Gwirani onse awiri, mofinya ndi kumasula, ndipo chepetsani liwiro musanalowe pakhona osati muli kale mkati mwake. Pakhona pedulo ya kunja ikhale pansi mutaiponda, maso ayang'ane kumene mukupita. Buleki yakutsogolo ndi imene ili ndi mphamvu zoimitsa, koma mukaigwira mwadzidzidzi pamchenga tayala limatsetsereka nthawi yomweyo. Nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, madzi amakokolola mchenga ndi timiyala n'kuziunjika m'munsi mwa zitunda ndi m'makhona, ndendende pamene mumafuna kugwira buleki, ndipo dzenje limene kunalibe sabata yatha mudzalipeza lero. N'chifukwa chake kutsika koyamba kwa tsiku lililonse kuzikhala koyendera msewu. Kukagwa chiperoni, msewu umanyowa, mabuleki ogwira pa limu amachedwa kugwira, ndipo oyendetsa galimoto sakuonani. Tsiku lotero ndi bwino kungolephereza. Kukamachita ziphaliwali, musanyamuke n'komwe. Madzulo ndi nthawinso imene ana akusewera m'mbali mwa msewu ndipo anthu akuwoloka ndi katundu pamutu, choncho belu kapena mawu anu zigwire ntchito msanga.

Nyali si zokambirana. Yofiira kumbuyo iyake kuyambira ponyamuka, ngakhale dzuwa lilipo. Yoyera kutsogolo ikhale yoti ikuonetseni dzenje patali, ya malumeni (muyeso wa kuwala kwa nyali) 400 kapena kuposerapo, yoloza pansi pang'ono kuti isathobwe m'maso anthu obwera kutsogolo. Tochi ya foni siikwanira. Nyali zambiri masiku ano n'zotchaja, ndiye poti magetsi amathimathima, tchajani Lachiwiri usiku kapena kuntchito Lachitatu m'mawa, osadikira madzulo. Valani malaya owala, ndipo kansalu konyezimira ka pa akakolo kamathandiza kwambiri chifukwa kamayenda mmwamba ndi pansi, woyendetsa galimoto amazindikira msanga kuti kutsogoloku kuli wanjinga. Chipewa choteteza mutu chimangidwe lamba, pansi pa chibwano pazingolowa zala ziwiri. Wopanda chipewa ife sitinyamuka naye.

Njinga iyang'aneni Lachiwiri, chifukwa Lachitatu nthawi yokonzera palibe. Chitunda chimaulula chilichonse chimene chili chofooka. Tcheni yotha imalumpha mano pamene mwaponda mwamphamvu, ndipo ngati munaimirira mukhoza kumenyetsa bondo pa handulo kapena kugwa kumene. Kuyeza kwake n'kosavuta: kuchokera pa pini imodzi kukafika pa pini ya 24 kutsogolo kwake, tcheni yatsopano imatalika mainchesi 12, omwe ndi masentimita pafupifupi 30.5. Ikapitirira ndi milimita imodzi ndi theka, isintheni isanadye mano a magiya, chifukwa magiyawo ndi odula kuposa tcheni. Fumbi la mu Seputembala ndi Okutobala likasakanikirana ndi oilo limapala zitsulo, choncho pukutani tcheni ndi kansanza, donthezani kadontho kamodzi ka oilo pa mfundo iliyonse, n'kupukutanso wotsalayo. Oilo wakuda wochotsedwa mu injini ya galimoto musamuikepo. Yesaninso giya yopepuka kwambiri njinga ili chiimire: ngati chosinthira cha kumbuyo chikukhudza masipoko kapena chikuoneka chopindikira mkati, pitani nayo kwa mmisiri, chifukwa chikakodwa m'masipoko pachitunda chimathyoka pamodzi ndi masipokowo. Marabala a mabuleki akafufutika mizere yake, atha. Mpweya wa m'matayala a mamilimita 25 mpaka 28, kwa munthu wa makilogalamu 70, ukhale pakati pa 70 ndi 90 psi (muyeso wa kulimba kwa mpweya m'tayala). Ukachepa, chubu chimapanidwa ndi limu mukagunda dzenje n'kuboola timabowo tiwiri toyandikana. M'thumba muzikhala chubu chimodzi, zigamba ndi guluu wake, zotsegulira tayala, pampu, ma alanki (timasipanala ta makona asanu ndi limodzi) a mamilimita 4, 5 ndi 6, kolumikizira tcheni, ndi ndalama yokwanira kukwera galimoto zikavuta.

Chakudya chimasokoneza anthu ambiri chifukwa nthawi ya masewerawa ili pakati pa nkhomaliro ndi mgonero. Idyani nkhomaliro yokwanira cha m'ma 12 kapena 1 koloko, nsima kapena mpunga ndi ndiwo zosachuluka mafuta. Cha m'ma 4 koloko idyani kanthu kopepuka: nthochi imodzi kapena ziwiri, kachidutswa ka mbatata yophika, kapena buledi. Chipisi ndi zokazinga za madzulo zimakhala m'mimba ndipo zidzakubwererani kukhosi pa ulendo wachiwiri. Amene sanadye chilichonse kuchokera m'mawa amayamba kunjenjemera, kuchita chizungulire ndi kutuluka thukuta lozizira. Ameneyo aime, akhale pansi, apatsidwe chotsekemera, ndipo asatsike chitunda pa njinga mpaka mutu utabwerera m'malo. Madzi, botolo limodzi la mamililita 500 mpaka 750 limakwana ola limodzi miyezi yozizira. Mu Okutobala ndi Novembala tengani awiri, ndipo m'botolo limodzi la mamililita 500 sungunulanimo masupuni aang'ono 6 a shuga ndi kamchere kotsina ndi zala ziwiri. Yambani kumwa masana kuntchito, chifukwa kumwa botolo lonse pansi pa chitunda kumangokupatsani kabayo m'nthiti. Mukafika kunyumba idyani pasanathe ola: nsima ndi nyemba, usipa, mazira kapena nyama, ndipo kapu ya thobwa kapena chambiko imathandiza pamene mphika ukadali pamoto.

Lachinayi likhale lopuma kapena lopalasa mopepuka kwa mphindi 30 mpaka 40, kuti pofika Loweruka miyendo ikhale itabwerera. Masiku olimba awiri pa sabata ndi okwanira kwa munthu amene amagwiranso ntchito. Ngati mwadzuka ndi kutentha thupi, kuphwanya m'mfundo kapena mutu, kayezetseni malungo ndipo njinga ikhale kaye. Mukamaliza mankhwala dikiranibe masiku angapo, muyambirenso pamalo athyathyathya, kenako pa maulendo atatu aja. Amene muli ndi zaka zopitirira 40 ndipo mwakhala nthawi yaitali osachita masewera, kapena muli ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, shuga kapena mphumu, kaonaneni ndi dokotala musanayambe, ndipo muuzeko wotsogolera gulu za vuto lanulo ndi kumene mwaika mankhwala anu. Kupweteka kapena kuthina pachifuwa, ululu wotsikira kumkono kapena kunsagwada, mtima wogunda mosalongosoka, kapena kuona mdima m'maso, zimenezo si kutopa wamba. Imani pomwepo, uzani amene ali pafupi, ndipo gulu lipeze galimoto yopita nanu kuchipatala. Pa chifukwa chimenechi wotsogolera azisunga m'foni mwake nambala ya wachibale wa aliyense amene wabwera tsikulo.